Fyuluta ya oyilo ndi nambala imene salemba pa katoni

Fyuluta ya oyilo ya Honda Fit imamangika bwinobwino pa Subaru Forester yanga. Ya Nissan Tiida imamangikanso, ya Mazda Demio chimodzimodzi. Mazinga ake ndi amodzi, M20 x 1.5, labala wa pakamwa amakhala pamalo pake, ndipo ukaliza injini palibe dontho limene limagwa pansi. Ndiye wogulitsa masipeya akakuuzani kuti "iyi imalowa, bwana," sakunama. Imalowadi. Koma mkati mwa kachitini kameneka muli kavalavu kamene maso sakaona, kali ndi sipuling'i yake, ndipo sipuling'iyo anaipima kuti izigonja pa mphamvu inayake. Mphamvu imeneyo si imodzi pa magalimoto onse. Ine ndimaiona kuti ndi nkhani yaikulu, chifukwa injini imene ikudya oyilo wosasefa siyatsa nyale iliyonse pa dashibodi, imangotha pang'onopang'ono mwini wake akuti ndinapanga sevisi.

Ndimakhala ku Dedza. Galimoto yanga ndi Forester ya 2006, ya mtundu wa SG5, injini yake ndi EJ20 yopanda turbo, ndipo inabwera monga amabwerera ma ex-Japan ambiri, pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Oyilo ndimasintha ndekha pabwalo. Anandiphunzitsa ndi amalume anga, amene ukalamba unawapeza akukonza mathirakitala ndi malole ku esiteti ya fodya. Munthu ameneyu sataya fyuluta yakale asanaidule ndi sowo kuti aone za mkati, ndipo khalidwe limeneli anandipatsira.

Oyilo amachoka mu sampu, beseni la pansi pa injini, pampu imamukoka n'kumukankhira ku fyuluta. Amalowa pa timabowo ting'onoting'ono tozungulira pakamwa paja, n'kudzaza kunja kwa pepala losefera lopindapinda, kudutsa pepalalo kulowera pakati, kenako n'kutulukira pa bowo lalikulu la mazinga kupita ku mabeyaling'i a crankshaft, ku camshaft ndi kwina konse kumene zitsulo zimakhudzana. Oyilo yense amene injini ikulandira amadzera pamenepa. Nanga pepalalo likatsekeka ndi zinyalala? Injini yosowa oyilo imanoka pa mphindi zochepa, pamene injini ya oyilo wakuda imayendabe. Choncho opanga anasankha choipa chaching'ono. Anaika khomo lapambali lotsekedwa ndi sipuling'i, loti pepala likakanika kudutsitsa oyilo wokwanira, khomolo litseguke oyilo alambalale pepala n'kupita ku injini momwemo, wosasefa. Imeneyi ndiyo valavu ya bypass.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu, ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Chimene chimakankha sipuling'i ija si pulesha ya oyilo ya mu injini, ija mungawerenge pa geji. Ndi kusiyana kwa pulesha pakati pa mbali ziwiri za pepala. Tinene kuti kunja kwa pepala kuli 4.0 bar (bar ndi muyezo wa pulesha), mkati muli 3.8 bar. Kusiyana kwake ndi 0.2 bar basi, valavu ili chitsekere. Koma kunja kukakhala 4.0 bar mkati n'kutsika kufika 2.4 bar, kusiyana kwafika 1.6 bar, ndipo valavu ya Subaru itseguka. Mnzanga wina wa galaja anandikanira kwa nthawi ndithu, amati, "Achimwene, injini imapopa 4 bar, ndiye valavu ya 1.6 ingakhale yotseka bwanji?" Tinajambula pansi ndi kamtengo mpaka anavomera. Mbali zonse ziwiri za valavu zili m'kati mwa oyilo wa pulesha, ndiye imangomva pamene mbali imodzi yaposa inzake. Musaisokonezenso ndi valavu ina imene ili pa pampu ya oyilo. Ya pa pampu ntchito yake ndi kubweza oyilo pulesha ikakwera kwambiri, kuti zinthu zisaphulike. Ya mu fyuluta sibweza kanthu, imangosankha njira imene oyilo adzere.

Tsopano manambala. Buku la amakaniko la Subaru, pa injini za EJ, limati valavu ya mu fyuluta itseguke pa 160 kPa. Kumeneko ndi kunena 1.6 bar, kapena 23 psi kwa amene amawerenga makatalogu a ku America. Mukafuna kusintha nokha, 1 bar ndi 100 kPa, ndiponso ndi 14.5 psi. Mafyuluta ambiri a magalimoto ang'onoang'ono, aja a mazinga ofanana ndi a Subaru, amatseguka pakati pa 8 ndi 17 psi, ochuluka ali cha pa 1 bar. Ndiye mukutha kuona: fyuluta ya 8 psi pa injini yofuna 23 psi imagonja msanga kwambiri, pulesha isanafike ndi pa theka pomwe pa imene opanga injini anawerengera.

Chifukwa chimene Subaru anakwezera nambalayi chili pa pampu. Pampu ya oyilo ya EJ imakankha oyilo wambiri, pa ma EJ ena oposa malita 40 pa mphindi injini ikamazungulira ka 5,000 pa mphindi, pamene mu sampu mumalowa malita anayi okha ndi pang'ono. Fyuluta yake nayo ndi yaing'ono, ili pansi kutsogolo kwa injini, yopanikizika pakati pa mapaipi a ekizozi. Oyilo wochuluka chonchi akamadutsa pa pepala laling'ono, kusiyana kwa pulesha kumakwera ngakhale pepala lili loyera. Valavu yofewa ikanamatseguka kawirikawiri. Anailimbitsa kuti oyilo apitirize kudzera pa pepala.

Pali amene amati nkhaniyi timangoikulitsa. Amati oyilo akatentha amakhala wopyapyala, ndipo pa fyuluta yatsopano kusiyana kwa pulesha kumakhala kochepa kwambiri, moti valavu ya 1 bar ndi ya 1.6 bar zonse zimakhala zotseka. Akunena zoona, ndipo ine sinditsutsa. Galimoto yotentha bwino, fyuluta yatsopano, oyilo woyenera, mukuyenda pa M1 mwa phee kupita ku Lilongwe, valavu ilibe chochita. Koma valavu imatseguka pa zinthu zitatu: oyilo wozizira, oyilo wokhuthala kuposa woyenera, ndi pepala limene layamba kudzaza. Kuno kwathu zitatu zonsezi timakhala nazo pamodzi.

Yambani ndi kuzizira. Amene anagonapo ku Dedza mu June kapena July akudziwa. Tauni yathu ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa wa miyezi imeneyi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. A ku Mzuzu, a ku Bembeke, a ku Tsangano, nonse mukudziwa zimene ndikunena. Kenako onjezani oyilo amene timakonda kuthira. Injini yangayi inapangidwira oyilo wa 5W-30, koma m'magalaja ambiri galimoto ikangokalamba pang'ono amathira 20W-50, ati kuti injini ilimbe. Pa madigiri 40, 20W-50 ndi wokhuthala kuposa 5W-30 kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, ndipo kukazizira kusiyanako kumakula kwambiri. Tengani sefa ya tiyi, thirani tiyi, amadutsa osavuta. Thiranimo phala, muona likukwera mpaka kusefukira m'mbali. Zimenezi n'zimene zimachitika mu fyuluta munthu akaliza galimoto m'mawa wa July, osadikira, n'kuponda moto kukwera chitunda chifukwa wachedwa ku ntchito. Valavu yoyenera nayo imatha kutseguka kanthawi pamenepa, ndiyo ntchito yake. Koma yofewa imatseguka msanga, n'kukhala chitsegukire mpaka oyilo atatentha ndithu.

Ndipo chimene chimadutsa pa khomo lapambalilo si oyilo wakuda chabe. Ife timayenda m'misewu ya fumbi, ndipo fumbi ndi mchenga wosalala, wolimba kuposa chitsulo chofewa cha beyaling'i. Lina limalowa ndithu mu injini, makamaka fyuluta ya mpweya ikakhala yotopa kapena yosakhala bwino m'bokosi mwake. Mpata wa pakati pa crankshaft ndi beyaling'i ndi wochepa kuposa tsitsi la munthu, tizigawo tochepa ta 100 ta milimita imodzi. Kamchenga kakalowa pamenepo kamakanda. Komanso mafyuluta ambiri valavu yawo ili ku mapeto kwa chitini, kutali ndi pakamwa, ndiye ikatseguka oyilo amayamba wayenda m'mbali mwa pepala kumene kwaunjikana zinyalala zonse zimene linagwira, n'kutha kutengako zina. Injini siifa tsiku limenelo. Imayamba kulira mosiyana pakapita zaka, pulesha n'kumatsika ikatentha, mwini wake n'kumati ma Subaru ndi choncho. Nyale ya oyilo ya pa dashibodi musaidalire pa nkhaniyi. Imayaka pokhapokha pulesha itatsikiratu pafupifupi kutheratu, ndipo za kutseguka kwa valavu ya mu fyuluta siidziwa kanthu.

Winawake atamva zimenezi anandifunsa ngati angamange fyuluta ya Subaru pa Demio yake, poti valavu yolimba ndiye kuti imasefa kwambiri. Ndinamuletsa. Injini imene anaipangira valavu ya 1 bar, opanga anawerengera kuti fyuluta isadye pulesha yoposa pamenepo. Pa oyilo wozizira pampu imakhala itafika kale pa malire ake, valavu ya pa pampu ija ikubweza oyilo, ndiye pulesha iliyonse imene fyuluta yadya imachoka pa gawo la mabeyaling'i. Valavu ikachedwa kutseguka, mbali za kutali ndi pampu, monga kumutu kwa injini, zimalandira oyilo wochepa pa nthawi imene zikumufunitsitsa. Yofewa kwambiri imadutsitsa zinyalala, yolimba kwambiri imamana injini oyilo. Imene ikufunika ndi ya nambala ya injini yanu, kapena yoyandikira kwambiri.

Choopsa kuposa zonsezi ndi fyuluta yopanda valavu n'komwe. Zilipo, ndipo si zonse zili zabodza. Injini zina valavu imeneyi anaimangira pa injini penipeni pamene fyuluta imakhala, ndiye fyuluta yake sifunika kukhala nayo. Mafyuluta osefa mafuta a dizilo nawo alibe, chifukwa pa mafuta oyendetsera safuna kuti chosasefa chidutse. Ena a hydraulic chimodzimodzi. Ina mwa imeneyi ikapezeka kuti mazinga agwirizana, n'kumangidwa pa injini yodalira valavu ya mu fyuluta, pepala likadzaza oyilo alibe kolowera. Mwina injini isowe oyilo, mwina pepala ling'ambike kapena lifwaphike n'kutumiza zidutswa zake ku mabeyaling'i. Amalume amanena kuti anaonapo zoterezi pa thirakitala, paipi ya pakati pa fyuluta itapindikira mkati. Musanalipire, walitsani tochi ya foni pa bowo la mazinga. Pa mafyuluta ambiri muona kavalavu pansi penipeni, kozungulira, kena ka chitsulo kena ka pulasitiki. Ena valavu yawo ili chakukamwa ndipo sioneka mosavuta, ndiye kusaiona si umboni wokwanira, koma ndi chifukwa chabwino chofunsira. Safunsa anadya phula.

Kugula kwake ndiye kuli nkhani. Nambala ya valavu pa katoni simuipeza, pa chitini simuipezanso. Anyamata a m'mashopu a masipeya ambiri amagwira ntchito ndi maso: mwabweretsa yakale, ayerekeza kukula, ayang'ana mazinga, akupatsani. Sindiwanyoza, ndi mmene anaphunzirira, ndipo pa zinthu zambiri maso awo salakwa. Pa Subaru palinso msampha wina. Nambala za mafyuluta a oyilo a Subaru zimayamba ndi 15208, za Nissan nazonso zimayamba ndi 15208. Yakuda ija ya Subaru imene amapanga a Tokyo Roki ku Japan ndi 15208AA100, pamene ya Nissan imene imapezeka paliponse ndi 15208-65F0 ndi chilembo kumapeto. Mu shopu ina ku Lilongwe mnyamata anandiikira ya Nissan pa kauntala, n'kuloza nambala zisanu zoyambazo. "Ndi yomweyo, bwana, onani." Ndinamuonetsa zilembo zotsatira, ndinamufotokozera za valavu, ndipo anamvetsera ndithu. Kenako anapita kumbuyo n'kubwera ndi ya Subaru, imene inali pa shelefu nthawi yonseyo koma ya mtengo wokwera.

Njira imene ndimatsata ine ndi iyi. Ndimayambira pa nambala ya chasisi. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan alibe nambala ya chasisi ya zilembo 17 ija yotchedwa VIN, ali ndi nambala yaifupi, yanga imayamba ndi SG5, ndipo ili pa kachitsulo pansi pa boneti pamodzi ndi mtundu wa injini. Ndi nambala imeneyi mumapeza pati nambala yeniyeni ya fyuluta pa makatalogu a pa intaneti. Ngati galimoto inasinthidwapo injini, zimene n'zofala kuno, tsatani injini imene ilimo, osati bodi. Eni ma Forester atsopano asamalenso: kuyambira mu 2010 Subaru anayamba kuika injini ya FB, imene fyuluta yake ili pamwamba pa injini, ndipo nambala yake ndi ina.

Ndikaipeza ya Subaru yeniyeni ndimagula imeneyo, nkhani yathera pomwepo, chifukwa valavu yake ndi yoyenera kale. Ikasowa, kapena thumba likakana, ndimayang'ana ya kampani ina, koma ndimafuna kuona nambala ya valavu ndi maso anga. Makampani monga Wix, Mann-Filter, Baldwin ndi Donaldson amalemba nambala imeneyi pa makatalogu awo, ena mu psi ena mu bar. Kungoona kuti katalogu yati fyuluta iyi imalowa m'malo mwa ya Subaru sikundikwanira. Makampani ena amapanga fyuluta imodzi n'kuilembera magalimoto a mitundu ingapo kuti asachulutse katundu, ndipo valavu yake imakhala ya pakati, yokomera ambiriwo. Pa injini yanga ndikaona 1.5 kapena 1.6 bar ndimatenga. Ndikaona 1.0 bar ndimasiya, pokhapokha nditakhala pa ulendo fyuluta itabooka ndipo palibe ina. Zikatero ndimanga yomweyo, chifukwa kuyenda ndi fyuluta ya valavu yofewa kuli bwino kutalitali kuposa kuyenda oyilo akudontha, koma ndikafika kunyumba ndimaichotsa.

Za feki sindingazilambalale. Katoni yolembedwa Subaru kapena Toyota siitanthauza kuti za mkati ndi za Subaru kapena Toyota. Ine ndi amalume tadulapo mafyuluta osiyanasiyana ochokera pa magalimoto a anzathu, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ngakhale kwa munthu wosadziwa za injini. Yabwino pepala lake ndi lochuluka, mapindo ake ndi othithikana ndi olingana, guluu wagwira bwino mbali zonse. Ina tinaipeza mapindo ali patalipatali, pepala litasiyana ndi chitsulo cha kumapeto, kavalavu kakugwedera moti ukakagwira ndi chala kamangolowa. Amalume anangopukusa mutu. "Mphwanga, iyi sinasefepo kanthu chiyambire." Valavu imene sikhala bwino pa mpando wake imadutsitsa oyilo wosasefa nthawi zonse, kuzizire kutenthe. N'chifukwa chake ndimagula kwa wogulitsa mmodzi amene ndamuyesa, ndipo ndikaona mtengo wa yorijino watsika modabwitsa ndimabweza dzanja. Kulemera kwake m'manja, kusalala kwa mazinga ndi maonekedwe a zilembo zimathandizako, koma umboni weniweni ndi sowo, mukaichotsa.

A ma Toyota, amene ndinu ochuluka pa msewu, muli ndi zanu zoti musamale. Mafyuluta a chitini a Vitz, Corolla, Probox ndi Sienta mazinga ake ndi 3/4-16, a mainchesi, osati M20. Ma 3/4 a inchesi ndi mamilimita 19 ndi pang'ono, ndiye fyuluta ya M20, ya mamilimita 20, imatha kulowa pa Toyota mogwedera, n'kuoneka ngati yamanga, koma mazinga sanagwirane ndipo pulesha ikakwera ikhoza kufwamphuka oyilo yense n'kutayikira pa msewu. Ma Toyota ena atsopano alibe chitini, ali ndi pepala lokha lolowa m'kabokosi ka chivindikiro chomasula. Pamenepo valavu ya bypass ili mu chivindikirocho, ndiye posintha pepala yang'anani kuti paipi ya pakati ndi sipuling'i yake zili bwino. Chivindikiro chikasweka, chogula m'malo mwake chikhale chodalirika, chifukwa valavu mukugulira limodzi.

Pali valavu inanso mu fyuluta, labala uja mumamuona kuseri kwa timabowo ting'onoting'ono. Ameneyu amaletsa oyilo kubwerera ku sampu injini ikazima. Ndi wofunika kwambiri pa injini zimene fyuluta yake inagona cham'mbali kapena inazondoka. Galimoto ikamalira gwedegwede kwa masekondi angapo m'mawa mutangosintha fyuluta, mukayikire ameneyu.

Nambala yoyenera ija imagwira ntchito pokhapokha pepala likadali ndi malo. Ndimaona anthu akusintha oyilo n'kusiya fyuluta, ati idakali bwino, ena mpaka kuitsuka ndi petulo n'kuibwezera. Pepala lodzaza limatsegula valavu iliyonse, kaya ya 1 bar kaya ya 1.6, ndipo kuyambira pamenepo galimoto ikuyenda ngati ilibe fyuluta. Ine chifukwa cha fumbi la kwathu ndimasintha oyilo ndi fyuluta pamodzi pa makilomita 5,000 alionse, ndimathira 5W-30, ndipo m'miyezi yozizira ndimayenda mofatsa mpaka singano ya kutentha itadzuka. Pomanga ndimayamba ndaona kuti labala wa fyuluta yakale sanatsalire pa injini, ndimapaka oyilo pa labala watsopano, n'kumanga ndi dzanja lokha monga mwalembedwera pa chitini, osati ndi sipanala. Poti ku Dedza kuno ya Subaru siipezeka wamba, ndikapita ku Lilongwe ndimagula ziwiri, imodzi ya pa galimoto, ina yokhala m'buti.